Masabata atatu amene apongozi anga sanapatsidwe

Pansi pa nthiti zanga, mbali ya kumanja, panali chinthu cholimba, chobulungira ngati lalanje lalikulu. Ndikakhala pansi kusankha nyemba chinkandikankha mpaka ndichite kutsamira khoma kuti mpweya udutse. Ine ndinkati ndi matako a mwana. Usiku ndinkasisita pamenepo n'kumauza bambo ake kuti tikuyembekezera mwana wonenepa. Kukankha konse ndinkakumvera m'munsi, pachikhodzodzo penipeni, koma sindinaganizepo kanthu. Mimba inali yoyamba, ndipo amayi anga ali kutali ku Dedza, oti n'kulankhula nawo pa foni basi.

Mwanayo panopa akuthamanga pabwalo. Koma masabata amene aja akukana kuchoka m'mutu mwanga, makamaka usiku umodzi wa pakhonde, ndiye ndati ndilembe.

## Kachitoliro kanakwera m'mwamba

Linali tsiku la sikelo ku kiliniki ya khonsolo kuno ku Mabvuku, mumzinda wa Harare, mimba itakwana masabata 36. Masiku onse namwino ankangogwiragwira pang'ono, n'kuika kachitoliro kake komvetsera mtima wa mwana m'munsi mwa mchombo, n'kulemba pakhadi. Tsiku limeneli anachedwa. Anagwira m'munsi, anagwira m'mwamba, anabwereranso m'munsi. Kachitoliro kaja kanayenda, kanayenda, mpaka kanakaima pamwamba pa mchombo.

Anandifotokozera m'Chishona, koma Chishona changa ndi cha pamsika, chogulira tomato. Ataona dzina langa pakhadi anatuluka n'kubwera ndi mnzake amene agogo ake anachokera kwathu ku Malawi. Ameneyu ndiye anatenga dzanja langa n'kuliika pa lalanje lija.

"Amayi, musachite mantha. Mtima wa mwana ukugunda bwinobwino. Kungoti wakhala tsonga. Ichi mukugwirachi ndi mutu."

Anandiuza kuti miyezi ya m'mbuyo zimenezi sizidetsa nkhawa. Pa masabata 28, pafupifupi mwana mmodzi mwa anayi kapena asanu amakhala choncho, chifukwa malo amakhala akadalipo ndipo mwana amangotembenuka mmene wafunira. Ambiri amazondoka okha nthawi ikamayandikira. Pofika masiku ochira amatsala atatu kapena anayi mwa ana 100 alionse. Wanga anali mwa otsalawo, ndipo malo oti atembenukire anali akuchepa tsiku ndi tsiku.

M'Harare muno makiliniki a khonsolo amachiritsa amayi amene zonse zili bwino. Pakaoneka chachilendo amakulembera kalata ya ku chipatala chachikulu, kaya ku Sally Mugabe, kumene anthu amangoti ku Gomo, kaya ku Mbuya Nehanda ku Parirenyatwa. Ndinatuluka kalata ili m'manja, mawondo akunjenjemera.

## Njira zitatu

Sikani imene anandijambula sinali yongoona ngati ali wamwamuna kapena wamkazi. Ankafuna kudziwa chimene chamukhazika choncho. Nthawi zina nsengwa imakhala m'munsi n'kutseka njira. Nthawi zina madzi amachuluka kapena kuchepa, kapena m'chiberekero mumakhala zotupa, kapena ana amakhala awiri. Kwa ine sanapeze chilichonse mwa zimenezi, ndipo adokotala anati kawirikawiri zimatero, chifukwa chake sichioneka.

Ankafunanso kuona kakhalidwe kake. Pali mwana amene amakhala ndi matako miyendo itaongoka, mapazi ali kumaso. Pali wopinda miyendo ngati munthu wakhala pamphasa. Ndiye pali amene amatsogoza phazi, ndipo ameneyu ndiye amaopsa kwambiri, chifukwa phazi silitseka njira, chingwe cha mchombo chikhoza kutsetsereka n'kutuluka mwana asanatuluke. Wanga anali wa mtundu woyamba uja.

Adokotala anatenga pepala n'kulemba mizere itatu. Kuyesa kumutembenuza ndi manja. Opareshoni yokonzekera pa masabata 39. Kuchira mwachibadwa, matako ali patsogolo.

Ine ndinafunsa funso limene ndikudziwa kuti amayi ambiri amakhala nalo: ngati njira ndi yomweyo, chavuta n'chiyani kuti ayambe ndi matako? Yankho lake sindidzaliiwala. Mutu ndiye chiwalo chachikulu pa mwana. Ukatsogola umatsegula njira pang'onopang'ono, kwa maola, ndipo mafupa ake amagonja n'kulola. Thupi limangotsatira. Koma matako akatsogola, mutu umabwera pomaliza, ulibe nthawi yogonja, ndipo chingwe chimene mwana akupumira chimakhala chitapanikizika pakati pa mutuwo ndi mafupa a mayi. Pamenepo sawerenga maola, amawerenga mphindi.

Sikuti kuchira mwachibadwa n'kosatheka. Mayi wina wa Chigwirizano ku mpingo kwathu anachira choncho mwana wake wachitatu, m'chipatala, popanda vuto. Koma amasankha: mwana asakhale wamkulu kwambiri kapena wonyentchera, asatsogoze phazi, khosi lake lisakhale lopindikira kumbuyo, pakhale mzamba kapena dokotala amene anazichitapo kambirimbiri, ndipo fiyeta ikhale pafupi. Pambuyo pake ndinadzawerenga za kafukufuku wamkulu wotchedwa Term Breech Trial, amene anachitika m'maiko 26 n'kusindikizidwa mu 2000. Anapeza kuti opareshoni yokonzekera inkateteza bwino ana oterewa, ndipo kuyambira pamenepo zipatala zambiri padziko zinatembenukira ku opareshoni. Chotsatira chake n'chakuti manja odziwa kuchiritsa mwana wa matako anayamba kuchepa. N'chifukwa chake funso lakuti "adzakhalepo ndani usiku umenewo" ndi lofunika kuposa mmene timaganizira.

Opareshoni nayonso adokotala sanaikometsere. Bala limatenga nthawi kuti lipole, likhoza kulowa matenda, ndipo chipsera cha pachiberekero chimakutsata pa mimba zonse zobwera.

## Pakhonde

Nkhani siigona m'makomboni. Pofika Lamlungu aliyense anali ndi chonena. Wina anati ndinkakonda kuima pakhomo. Wina ananong'ona za mapinga, kuti bambo a mwana akuyenda njira zina, ndipo ndinaona mmene mawu amenewo anawalasira mwamuna wanga, munthu amene ankadzuka m'bandakucha kukanditungira madzi ku mjigo. Koma mawu amene anandilowa kwambiri anali akuti "mpeni". Mtsikana wabwinobwino ngati iwe, mimba yoyamba yomweyi, ukalole mpeni?

Mnzanga wina anandiuza za agogo ena a ku Epworth, komboni ya m'mphepete mwa Harare, odziwa kutembenuza mwana ndi mafuta, amenenso amapereka mankhwala omwa ofewetsa njira. Ndinene zoona, ndinavomera mumtima. Ndinkaopa fiyeta, ndinkaopa ndalama, ndinkaopa pakamwa pa anthu. Ndinkaganizanso kuti apongozi anga, munthu wachikale wobadwira pa famu, akamva asangalala kuti mtengwa wawo sanataye mwambo.

Usiku umenewo magetsi anali atazima. Tinakhala pakhonde awiri, ine ndi apongozi, mbaula ili pakati, bambo a mwana atapita kukagwira ntchito ya usiku. Ndinawauza za agogo a ku Epworth aja. Anakhala chete nthawi yaitali, akutembenuza chimanga pamoto, mpaka ndinayesa kuti sanamve.

"aNabanda," anatero, "kumeneko simupita."

Sanakweze mawu. Anayamba kufotokoza akuyang'ana makala.

Panali patangopita chaka dziko lino litalandira ufulu mu 1980. Iwo anali mtsikana, atangokwatiwa, pa famu ya fodya cha ku Marondera kumene makolo awo anafikira pochokera kumudzi. Sikelo anapitako kamodzi, mimba ili yaing'ono. Matenda anayamba madzulo, amayi atatu a pa komboni anabwera, anayala mphasa, anawiritsa madzi. Zonse zinkayenda. Ndiye pakati pa usiku mmodzi wa amayi aja anasendeza nyali pafupi n'kungoti, "Mayo."

Linali phazi.

Anati m'nyumbamo munalowa chipwirikiti. Wina anathamanga kukadzutsa woyendetsa thirakitala. Otsalawo anachita chimene munthu aliyense angachite akaona mwana akuoneka: anakoka. Thupi linatuluka mpaka m'mapewa, mwana akuphiriphitha. Mutu unakana. Apongozi anati ankamumva akugunda ntchafu zawo ndi timiyendo take, kenaka kugundako kunayamba kuchepa, kenaka kunasiya. Thirakitala inafika zonse zitatha.

Anali wamwamuna. Amayi okhaokha anakamuika m'mawa dzuwa lisanatuluke, monga amachitira ndi mtayo, ndipo iwo anauzidwa kuti asalire mokweza. Sanalire. Anabereka ana ena asanu, bambo a mwana wanga ali wachitatu, ndipo palibe mmodzi mwa iwo amene ankadziwa kuti anali ndi mkulu wawo.

"Amayi aja sanali oipa," anatero. "Ankandikonda. Koma anali ndi manja okha. Analibe choonera m'kati, analibe chomvera mtima, analibe kothawira. Inu mwauzidwa kukadali masabata atatu. Ine ndinadziwira pa phazi."

Chimanga chinapserera pa mbaula, palibe anachidya. Ine ndinali ndikutenga tsiku la sikelo lija ngati tsiku la tsoka. Usiku umenewo ndinaona kuti namwino amene anachedwa pamimba panga uja anandipatsa chinthu chimene mayi wakhala pafupi nanewa akhala akuchilira mumtima zaka zoposa 40.

## Manja a adokotala

Chimene chinandidabwitsa n'chakuti agogo a ku Epworth ndi adokotala sankasiyana pa mfundo yoyamba: mwana akhoza kutembenuzidwa ndi manja kuchokera kunja. Kuchipatala amati ECV. Kwa mayi wa mimba yoyamba amayesa kuyambira masabata 36, kwa amene anaberekapo kuyambira 37. Imatheka pafupifupi theka la nthawi, ndipo imathekera kwambiri amene anaberekapo chifukwa mimba yawo imakhala yomasuka. Ndinanyadira nditamva kuti umodzi mwa maumboni akuti njirayi imathandiza unachokera m'Harare mommuno, pa kafukufuku amene anasindikizidwa mu 1991.

Kusiyana kuli pa zonse zozungulira manjawo. Asanandigwire anandijambulanso kuti aone pamene pali nsengwa. Anandimanga malamba pamimba n'kumvetsera mtima wa mwana kwa kanthawi. Anafunsa ngati ndinatayako magazi kapena madzi, chifukwa zikatero sayesa n'komwe, monganso nsengwa ikakhala pakhomo. Anaona gulu la magazi anga, poti mayi wa magazi a negative amafunika jakisoni wa anti-D akatha. Kenaka anandibaya mankhwala ofewetsa chiberekero. Mtima wanga unayamba kuthamanga, manja akunjenjemera, ndipo namwino anati ndi mmene mankhwalawo amachitira, zidutsa.

Adokotala analowetsa zala m'munsi mwa mimba, pamwamba pa fupa, n'kunyamula matako a mwana kuwachotsa m'chiuno. Dzanja linalo linagwira mutu n'kumaukankha pang'onopang'ono kuti utsike, ngati mwana akugubuduka chamtsogolo. Sindinganame kuti sizinkapweteka. Ndinkapuma mmene anandiuzira, maso ali kudenga. Ndinamva mutu uja ukuchoka pansi pa nthiti, koyamba m'miyezi iwiri, n'kufika cha m'mbali. Pamenepo unaima. Anasiya, anamvetsera mtima, anayesanso. Ulendo wachiwiri mtima wa mwana unatsika pang'ono, ndipo adokotala anachotsa manja nthawi yomweyo. Tonse tinangoti zii, kumvetsera makina, mpaka kugunda kunabwerera mwakale.

"Wakana," anatero adokotala. "Sitimukakamiza."

Kutsika kwa mtima kuja ndi kumene kumandibwerera. Anandiuza kuti pafupifupi mayi mmodzi mwa 200 amathamangitsidwa ku fiyeta nthawi yomweyo chifukwa cha ECV, n'chifukwa chake amaichitira pamene fiyeta ili pafupi. M'chipinda cha ku Epworth, ndani akanamva kuti mtima watsika? Manja akanangopitiriza.

Apongozi anali panja pa benchi, atagwira chikwama changa pamiyendo. Nditawauza kuti zakanika anangoti, "Koma ali moyo?" Ndinati eya. Anati, "Tiyeni tikakwere."

## Kukonzeka

Ndinasankha opareshoni, ndipo anandipatsa tsiku pa masabata 39. Ndinasankha nditaganizira kuti mimba ndi yoyamba, komanso kuti sindingadziwe amene adzakhale pa ntchito matenda akadzayamba. Mayi wina akhoza kuyeza zomwezi n'kusankha zina. Chimene sindivomereza ndi kunyoza. Amene amati wochira ndi opareshoni sanabereke, sanayambe wadzukapo pabedi ndi bala lamasiku awiri kuti akayamwitse.

Zochita kugwada ndi kupendeketsa chiuno kuti mwana atembenuke yekha ndinafunsa. Namwino anati umboni woti zimathandiza ndi wochepa, koma sizipweteka ngati sukudzikakamiza. Mankhwala omwa ofulumizitsa matenda, monga mwanamphepo wa kwathu, anati ndisayerekeze. Chiberekero chokankha mwamphamvu mwana amene sanalunjike njira ndi ngozi.

Kukonzeka kwenikweni anakutenga ndi apongozi. Mfundo yawo inali imodzi: mwana sadziwa tsiku limene lalembedwa pakhadi. Mabvuku ali makilomita oposa 15 kuchokera m'tauni, ndipo kombi usiku kulibe. Anapita okha kwa bambo wina wa mpingo amene ali ndi galimoto, n'kupangana naye kuti foni yake isazime usiku. Ndalama ya mafuta anaimanga pa nsonga ya chitenje, chimene kuno amati zambia, n'kuiika m'chikwama. Anapezanso wachiwiri, kuti mwina woyambayo angachoke. Chikwamacho chinakhala kuseri kwa chitseko: khadi la sikelo, kalata, pepala la sikani, zitenje, matewera, thonje, zovala za mwana, ndi tochi. Mapilisi owonjezera magazi ankandipatsa okha m'manja m'mawa uliwonse.

Ndiye panali phunziro la chingwe. Namwino anatiuza kuti nsupa ikasweka, kapena matenda akayamba, kapena magazi akaoneka, kapena mwana akachepetsa kugunda, tisadikire kuti kuche ndipo tisadzere ku kiliniki, tilunjike ku chipatala chachikulu. Ndikamva kapena kuona chingwe chikutuluka, ndisachibweze m'kati. Ndigwade, chifuwa ndi nkhope pansi, matako m'mwamba, kuti thupi la mwana lisachipsinje, ndipo m'galimoto ndigonere kumanzere, mapilo ali pansi pa chiuno. Ndipo mwana akayamba kutuluka tili m'njira, wina asakoke.

Pa mawu omalizawo apongozi anatseka maso. Titafika kunyumba anayala mphasa m'chipinda, mayi wa zaka zoposa 60, n'kugwada okha, nkhope pansi. "Anati chonchi?" Ndinati eya, Amayi. Anandichititsa nanenso kawiri, kenaka anaitana mwana wawo kuti aone, kuti tsikulo asadzasokonezeke.

## Sanadikire tsiku lake

Nsupa inasweka kutatsala masiku atatu, cha m'ma 2 koloko usiku. Ndinamva kutentha pabedi, ndinaitana. Apongozi analowa ndi tochi ali ovala kale, ngati sanagone. Anayang'ana. Chingwe panalibe, madzi anali oyera. Foni inaimbidwa, galimoto inafika, ndinagonera kumanzere kumpando wakumbuyo mutu uli pamiyendo pawo. Msewu wonse dzanja lawo linali pamimba panga, ndipo mwana akagunda ankanena mokweza kuti, "Uyo."

Pa chipatala kalata ndi pepala la sikani zinalankhula m'malo mwanga. Anafunsa nthawi imene ndinadya komaliza, anandiika diripi, anandijambulanso kuti atsimikize kuti sanatembenuke, anandibaya jakisoni wa pamsana. Ndinali maso. Ndinamva kukoka, kenaka kulira.

Anali wamkazi. Atamugoneka, timiyendo take tinangoti njo m'mwamba, mapazi kumakutu, monga anakhalira m'mimba. Namwino anati timiyendoto titsika tokha m'masiku ochepa, tisatikakamize, koma tidzabwere naye akakwana masabata asanu ndi limodzi kuti adzamujambule m'chiuno, chifukwa ana okhala chonchi nthawi zina mfundo za m'chiuno sizikhazikika bwino. Tinapita, ndipo zinali bwino.

Nthawi yoona odwala itakwana, apongozi analowa ndi mwana wawo. Sanayambe ndi nkhope ya mdzukulu monga amachitira anthu. Anafunyulula nsalu cha kumiyendo, anatenga kaphazi kamodzi n'kukaika m'dzanja mwawo. Kanawapondaponda. Anakagwira nthawi yaitali, misozi ikutsika, osaipukuta.

Bambo a mwana anadabwa. "Amayi, kwagwanji? Si zonse zayenda bwino?"

Anawakokera mpando ndi dzanja linalo, kaphazi kaja asanakasiye.

"Khala pansi," anatero. "Ndikuuze za mkulu wako."